Alamu, kamera ija ilibe mlandu

Rosettenville,
Johannesburg.

Okondedwa alamu,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi mlongo wanga ndi ana onse ku Kabwata. Kuno tikupuma ndithu, kungoti chisanu chikutilowa mpaka m'mafupa, ndipo mwini nyumba sadziwa kuti munthu ali ndi abale ofuna thandizo kwawo.

Uthenga wanu wa mawu pa WhatsApp ndaumva wonse, ngakhale gawo lija munasiya kulankhula ndi ine n'kuyamba kukalipira galu wa aneba. Mlandu ndaumvetsa. Mukuti kamera imene ndinakutumizirani ndi gong'a, yakuchititsani manyazi pa kitchen party ya ku Chelstone, ndipo amayi a mkwatibwi akufuna ndalama zawo zonse. Ndamvanso kuti azakhali ayamba kale kuloza zala, ati alipo wina pamwambopo amene sanafune kuti nkhope yake ioneke, ndiye anameza zithunzi. Auzeni azakhali asunge nkhuku yawo, asaipereke kwa sing'anga. Mfiti yake ndi kakhadi kakang'ono ngati chikhadabo kamene munalowetsa m'mimba mwa kamera.

Tiyambe ndi khadi loyamba, limene munabwereka kwa bwana wanu wa ku Kabulonga. Mwati mutangoliika kamera inalemba kuti "Card error" n'kukhala chete. Inachita bwino. Kamera ija ndi ya 2008, ndipo ndinakuuzani tsiku lomwelo kuti ndi nkhalamba yaulemu wake. Makhadi a SD amafanana nkhope koma ndi mibadwo yosiyana. Oyamba aja, amene Panasonic, SanDisk ndi Toshiba anagwirizana kupanga mu 1999, amalekera pa 2GB. Mu 2006 kunabwera SDHC, amene amafika 32GB. Mu 2009 kunabadwa SDXC, kuyambira 64GB kupita m'tsogolo, ndipo amenewa amasanja zinthu m'njira ina yotchedwa exFAT. Ndiye inu mukatenga khadi la 128GB la ku Kabulonga n'kulipatsa kamera imene inapangidwa SDXC isanabadwe, mukufuna ikuyankheni chiyani? Kamera yatsopano imawerenga makhadi akale, koma yakale siiwerenga atsopano. Ndipo thokozani kuti sindinakutumizireni Olympus kapena Fujifilm ya masiku amenewo, imene imafuna khadi lakelake la xD, kapena Sony ya Memory Stick. Bwenzi pano mukuzungulira Kamwala yonse mukufunsa chinthu chimene anyamata ogulitsa sanachionepo.

Tsopano khadi lachiwiri, pamene pagona nkhani. Mlongo wanga wandiuza zimene inu munadumpha mu uthenga wanu, kuti munaligula m'khonde mwa mashopu pakati pa Cairo Road ndi Freedom Way, kwa mnyamata amene ankagulitsanso malamba, tochi ndi mankhwala a mphemvu. Pa khadipo panalembedwa 32GB, mtengo wake wa mbale imodzi ya nsima ndi kapenta, inu n'kufika kunyumba mukudzitama kuti mwamupusitsa. Alamu, makhadi amenewo kunonso adzaza, ena amawagulitsa ali m'beseni. Ine ntchito yanga yolondera ili pafupi ndi anyamata okonza mafoni m'tauni, ndipo tsiku lililonse ndimaona anthu akulira pakauntala pawo.

Chinyengo chake n'chotere. M'kati mwa khadi muli kachipangizo kamene kamauza kamera kukula kwa malo. Akathyali amatenga khadi laling'ono, mwina la 2GB kapena 4GB, n'kuphunzitsa kachipangizoko kunama kuti malo alipo ambiri, kenako n'kumata chizindikiro cha kampani yotchuka pamwamba. Kamera imakhulupirira. Zili ngati kondakitala wa minibasi ya ku Chelstone amene amakuwabe kuti "malo alipo, bwana" mipando itadzaza kalekale, ndipo aliyense wolowa pakhomo amakankhira mnzake kunja pa windo. Malo enieni akatha, khadi limalemba zatsopano pamwamba pa zakale kapena kungozitaya, koma mayina a zithunzi limawasunga bwinobwino. N'chifukwa chake pa kompyuta mukuona mndandanda wautali, koma mukatsegula mukupeza theka la nkhope, mizere yotuwa, kapena mdima wokhawokha.

Ndipo apa ndikufunseni ngati mlamu. Zithunzi zimene zapulumuka mwati ndi za m'mawa. Mlongo wanga wazionanso. Akuti zambiri ndi za mapoto a nkhuku, keke kuchokera mbali zonse, ndi amayi ena a chitenje chobiriwira amene si mkwatibwi, si nankungwi, ndiponso si m'bale wathu. Malo enieni a khadi munawathera pamenepo. Pamene mkwatibwi ankavundukulidwa ndi alangizi ake, mphatso zikuperekedwa, ng'oma zitakolera, inu munkajambula mphepo. Za amayi a chitenje chobiriwirawo mukambirana nokha kunyumba, ine ndili kutali.

Chochita ndi ichi. Khadilo lichotseni, musajambulirenso, ndipo musalole aliyense kulifomata. Pitani nalo kwa wodziwa kompyuta ayese pulogalamu ya PhotoRec kapena Recuva. Zimenezi zimabweza zithunzi zofufutidwa ngati pamwamba pake sipanalembedwe zina. Koma ndisakunamizeni, chithunzi chimene sichinalowe n'komwe m'khadi palibe angachibweze, ngakhale abusa a ku Woodlands atasala kudya sabata yathunthu. Pitani kwa amayi a mkwatibwi mutavala jekete, mugwade, mubweze theka, ndipo mupemphe kuti azimayi avalenso zitenje zawo Lamlungu akaweruka kutchalitchi muwajambule kachiwiri. Adzakunyozani, koma adzabwera, chifukwa palibe amene anasoketsa diresi kuti lisaoneke pa Facebook.

Ndakugulirani makhadi awiri a SDHC a 16GB m'shopu yeniyeni yopereka lisiti. Anyamata okonza mafoni aja andiyesera ndi pulogalamu ya H2testw, imene imadzaza khadi lonse kenako n'kuliwerenga kuti ione ngati likunena zoona, ndipo onse awiri apambana mayeso. Pali nambala 10 m'kati mwa kabwalo, kutanthauza kuti salemba mochepera 10MB pa sekondi, ndiye vidiyo ya kwaya siiduka pakati pa nyimbo. Ndagula awiri dala, kuti lina likakhumudwa ukwati wonse usapite nalo. Ndiwapereka kwa dalaivala wa basi yonyamukira ku Park Station, mukawalandire ku Intercity. Ali mu envulopu m'kati mwa sokosi, sokosiyo ili m'nsapato za mwana wanu wamkulu. Nsapatozo ndi za mwana, alamu.

Akafika muwafomate m'kamera momwemo, osati m'foni. Musachotse khadi kagetsi kofiira kakuphethira, chifukwa nthawi imeneyo kamera ikulemba. Batire ikatsala pang'ono lekani kujambula. Kamera ikanena kuti khadi latsekedwa, onani kabatani ka m'mbali mwake, kakankhireni m'mwamba, musathamangirenso m'tauni. Mwambo uliwonse ukatha koperani zithunzi pa kompyuta usiku womwewo, magetsi akalola. Ndipo mphwanu asadzabwerekenso khadi kuti aikemo nyimbo za kalindula.

Nkhani yoti ndikutumizireni kamera ina "yamakono ngati ya azungu a ku Kabwata Cultural Village" ndaimva, ndipo ndaiika pamodzi ndi pempho lanu lija la njinga yamoto. Mupereke moni kwa azakhali, kwa ana, ndi kwa mlongo wanga. Mumuuze anditumizire kapenta wa ku Siavonga ndi chikanda pa basi yomweyo ikamabwerera.

Ndine mlamu wanu,
wa ku Joni.