Mphindi 45 za anthu ena

Alamu anga a ku Joni atabwera pa Khirisimasi, moni anapereka wachidule, n'kuyamba masamu. Akuti kuchoka pa bwalo la OR Tambo kudzatera pa bwalo la Kamuzu ku Lumbadzi ndi maola awiri ndi theka basi. Ulendo womwewo pa basi, kudzera ku Beitbridge, Nyamapanda, Tete ndi Mwanza, umadya masiku awiri, munthu n'kufika miyendo itatupa. Ine ndinkangovomera ndi mutu mwaulemu wonse, kuti aziganiza kuti ndege zinandikwana kalekale, chonsecho pamwamba pomwe ndinafikapo m'moyo wanga ndi pa matumba a chimanga pa lole.

Chomwe chinandilowa mumtima ndi cha ku Blantyre. Kuchoka ku Lumbadzi kukatera ku Chileka, m'mwambamo muli makilomita pafupifupi 245, ndipo ndege imawamaliza m'mphindi 45 kapena kucheperapo.

"Alamu, madzi a nsima asanawire, inu mwafika," anatero akupukuta magalasi.

Usiku womwewo ndinakhala pakhonde ndi pensulo ya mwana, kukonza ulendo wanga wa pandege kuchokera kuno ku Golomoti. Poyamba kabaza mpaka pamsewu. Kenako galimoto yokwera Khwekhwelere, imene sinyamuka isanadzaze, ndipo kudzaza kwakeko amakudziwa ndi kondakitala yekha. Pamakhota a m'phiri muja injini ikulira, ife tikupemphera, aliyense m'chipembedzo chake, mpaka tione Masasa. Kuchoka apo Dedza, Lilongwe, n'kusakanso minibasi ya ku Lumbadzi. Kumeneko akuti uzifika msanga kuti akupise m'chikwama, kuopa mwina wabisamo usipa. Ndipotu nthawi yonseyi n'kuti ndikulowera kumpoto, Blantyre ali kumbuyo kwanga, kummwera.

Masamu anga anaonetsa kuti ndikamatera ku Chileka, mnansi wanga amene anangoimika minibasi pa M5, n'kudutsa cha ku Balaka ndi pa Zalewa, adzakhala ataoda kale katundu ku Limbe, atadya ndi chipisi chomwe.

Bwalo la ndege kuno kuchigwa lilipo ndithu, ku Mtakataka, dera la sukulu ya apolisi. Koma matikiti sagulitsako. Ukangotulukira ndi chikwama n'kufunsa ya ku Blantyre, mafunso adzayamba kufunsa ndi iwowo.

M'mawa ndinawapanikiza alamu aja kuti anene chilungamo: kuchoka ku Lumbadzi kudzafika pakhomo pano anatenga nthawi yaitali bwanji? Anayamba kuyamikira mango. Mlongo wawo ndiye anaulula kuti anatera masana koma kuno anagogoda nkhuku zitalowa kale. Joni yense uja anamudumpha msanga kuposa Dedza. Ngakhale azungu obwera kudzaona zigoba za gule ku Kungoni, pa mishoni ya Mua, amadzaliphunzira dziko lino atatsika ndege, fumbi lili m'tsitsi.

Ndinawaonetsa mayi a kunyumba pepala langa lija monyadira. Analiyang'ana kutsogolo, n'kulitembenuza.

"Bambo a ana, nanga mtengo wa tikiti mwaulemba pati?"

Ndinati gawo limenelo ndi la mawa, likufunika kuti ndiwerenge kaye mbuzi. Iwo anati ngati mtima wanga ukufunadi za m'mwamba, makwerero ali kuseri kwa nkhokwe, denga la kuchipinda likudontha.