Gule wa ku Chiuta amene ku Chiuta kulibe

Kuno ku Mecanhelas dzina langa lenileni linatsala pa chiphaso. Aliyense amanditchula a Kubano, ndipo paukwati mowa ukafika m'mutu sipalephera wokuwa kuti, "A Kubano, tavinani wa ku Cuba uja!" Ndimayamba ndakana pang'ono kuti andinyengerere, kenako n'kulowa m'bwalo. Zoona zake n'zakuti gule ameneyo si wa ku Cuba. Si wa kunonso.

Ndinali m'gulu la ana a ku Mozambique amene boma linkatumiza ku Cuba kuyambira mu 1977, Samora Machel ndi Fidel Castro atagwirizana. Ankatipititsa pachilumba chomwe kale chinkatchedwa Isla de Pinos, koma mu 1978 anachisintha dzina kukhala Isla de la Juventud. Sukulu zake anazimanga pakati pa minda ya manyumwa, kutali ndi tauni ya Nueva Gerona. Theka la tsiku m'kalasi, theka linalo kumunda ndi chikwanje. Chakudya chinali mpunga ndi nsawawa zouma zomwe ankati chícharos, lero, mawa ndi mkucha. Sukulu zina zinali za ana a ku Angola, Ethiopia ndi Namibia.

Vuto linabwera ndi 25 June, tsiku la ufulu wathu. Aphunzitsi amene tinachoka nawo kwathu analamula kuti dera lililonse lionetse gule wake pamaso pa alendo. Akummwera anali ndi makwayela ndi xigubo. Amakonde anali ndi mapiko. A ku Nampula tufo. Atafika pa ine anati, "Camarada wa ku Niassa, kwanu mumavina chiyani?"

Kwathu anthu ankavina ndithu, manganje kwa Ayao, tchopa kwa Alomwe, koma bambo anga anali akatekisiti, ndipo ng'oma ikalira ife tinkatsekeredwa m'nyumba. Phazi langa silinkadziwa kanthu. Komabe mwana wa zaka za unyamata sangaime pamaso pa atsikana n'kunena kuti sadziwa. Ndinayankha kuti, "Tili naye gule wakale wa asodzi a pa Chiuta."

Usiku umenewo ndinamupeka kuseri kwa bafa. Chiuta ndi nyanja yosaya, bwato timalikankha ndi nsungwi yaitali, ndiye ndinatenga mpini wa tsache: kuzika pansi, kutsamira, kukoka, kusuntha phazi. Pofuna kukometsa ndinaonjezera kuwomba pakhosi ndi pamsongolo, monga amachitira munthu akamavuula matemba m'bango udzudzu utamuchulukira. Pomaliza ndinkadumpha kamodzi n'kukuwa. Mphunzitsi wina wa ku Cuba atafunsa tanthauzo la kudumphako, ndinati msodzi waona ng'ona. Analemba m'kope.

Anthu anaomba m'manja mpaka ine ndemwe ndinayamba kukhulupirira. Pofika nyengo ya Festival de la Toronja, chikondwerero cha zokolola za manyumwa ku Nueva Gerona, gule wanga anali ndi anyamata ake, aliyense ndi mpini wake, ine patsogolo ndikudzudzula olakwitsa kuti akunyoza makolo. Eni chilumba ankavina sucu-sucu wawo m'misewu, mapazi akukwekwesa pansi, mpaka kucha. Zaka zonsezo ndinkangoonerera. Katswiri wa magule sangakaphunzire kwa ena pagulu, anthu angaone kuti chiuno n'chouma.

Nditabwerera kwathu nkhondo yapachiweniweni itatha mu 1992, abale ambiri anali akuchokera kumene ku Malawi komwe anathawira. Sanafunse za satifiketi. Anafuna gule wa ku Cuba. Ndinangochotsa mpini uja, n'kusiya zina zonse mmene zinalili. Amalume, amene akhala pabwato moyo wawo wonse, anayang'anitsitsa n'kunena kuti, "Kani ku Cuba nakonso kuli udzudzu."

Chaka chatha ku Cuamba ndinakumana ndi mnzanga wa kuchilumba, wa ku Gaza, yemwe anakhala mphunzitsi mpaka kupuma. Anandikumbatira, n'kundiuza monyadira kuti ana onse amene anadutsa m'manja mwake anawaphunzitsa gule wa asodzi a pa Chiuta, ng'ona ndi zonse. Akufuna kubwera ndi adzukulu ake adzaone eni ake akuvina. Ndamuuza kuti msewu ndi woipa.