Mlandu wa mchere ndi mbewa za ku Princeton

Mukandifunsa za riferendamu ya pa 14 June 1993, ndikuuzani zonse: mzere unakathera pati, ndani ankaimbira nyali, ndani anakakamira tambala wakuda, ngakhale mtundu wa chitenje cha mtsikana amene anaima patsogolo panga. Mgaiwa wachikasu wa chilala cha 1992 fungo lake likadali m'mphuno. Koma mundifunse nambala yachinsinsi ya Mpamba, imene ndinasankha ndekha popanda wondikakamiza, muona bambo wamkulu ndi ndevu zake akuwerenga mitambo.

Akandituma mchere kumsika wa pa Lisungwi, ndimabwerako ndi mtengo wa mbuzi, mbiri ya amene wathawa mkazi, ndi zotsatira za mpira. Mchere wokha ndiwo umatsala. Mayi a kunyumba amati ndi mwano. Anzanga a pabawo amati ndi kachasu wa paunyamata akutolera msonkho wake. Apongozi sanena kanthu, amangopukusa mutu, ndipo zimenezo ndiye zimawawa koposa.

Loya wanga wakhala mwana wa mlongo wanga, amene akuphunzira za udokotala ku Blantyre. "Malume," anatero atabwera kutchuthi, "mlandu wanu ndi wa timakomo."

Akuti m'mutu mwa munthu muli maselo a ubongo pafupifupi 86 biliyoni, ndipo ananditsimikizira kuti ngakhale mwa ine alimo. Maselowa amasiya kampata pakati pawo, tsono uthenga umawoloka ndi mankhwala amene selo lina limalavulira linzake. Mthenga wamkulu pa onse ndi glutamate. Tsidya linalo kuli timakomo tomulandirira. Totchedwa AMPA sitivuta, kugogoda kamodzi tatseguka. Koma ta NMDA timakhala totsekedwa ndi magnesium, ngati chitseko chimene achitsamiritsa mwala. Kuti mwalawo usunthe, pamafunika mthenga agogode kunja pamene mwini nyumba ali kale maso m'katimo. Zikatero calcium amalowa, selo limawonjezera timakomo ta AMPA, njira ija imalimba, ndipo nkhani yakhazikika. Kukumbukira kumayambira pamenepo.

Kulimba kwa njiraku anakulengeza mu 1973 ndi Tim Bliss ndi Terje Lømo, atayesa akalulu ku Oslo, m'chigawo cha ubongo chotchedwa hippocampus. Mu 1986 Richard Morris wa ku Scotland anatseka timakomo ta NMDA mwa makoswe n'kuwaponya m'dziwe momwe munali popondera pobisika. Kusambira ankasambira bwinobwino, koma tsiku lililonse popondera paja ankapafuna ngati alendo. Makoswe amenewo nditawamva ndinawamvera chisoni cha pachibale.

Nkhani yanga yagona apa. Akatswiri apeza kuti timakomo ta NMDA timachepa ndi ukalamba, mwa makoswe, anyani ndi anthu omwe. Chimene chimatha msanga ndi kachigawo kotchedwa GluN2B, kamene kamachititsa khomo kukhala lotsegula nthawi yotalikirapo. Mwa mwana kamakhala kochuluka, n'chifukwa chake mdzukulu wanga foni yanga anaidziwa madzulo amodzi, ine mwini wake ndikuitchulabe kuti bwana. Chitenje cha 1993 chinalowa khomo likadali lotambalala, ndipo chinasungidwa kalekale. Mchere wa lero umafika khomo likutseka.

Mu 1999 Joe Tsien ndi anzake pa yunivesite ya Princeton ku America anapanga mbewa zokhala ndi GluN2B wochuluka, ndipo zinkaphunzira msanga ndi kukumbukira nthawi yaitali kuposa zinzake. Ndikupempha boma kuti mbewa zimenezo zisadutse pa Zalewa. Zikangofika kuno, msampha ziuona kamodzi, anyamata a makasu azibwerera chimanjamanja, ndiwo za m'chilimwe zatha.

Nditamva kuti glutamate yemweyu ndi amene amakometsa tomato wakupsa, monga anatulukira Kikunae Ikeda ku Japan mu 1908, ndinalamula kuti kuyambira tsiku limenelo usipa wanga uzisambira m'tomato ngati mankhwala. Mnyamata uja anandigwetsa ulesi. Akuti wa m'ndiwo amathera m'matumbo, ubongo umapanga wakewake ndipo uli ndi mpanda. Komanso akachuluka m'ubongo amapha maselo, monga zimachitikira pa sitiroko. Chimene chimathandiza ndi zinthu zosakoma kumva: kugona mokwanira, kuyenda pansi, kuchepetsa mowa, ndi kukayezetsa BP ndi shuga pachipatala chathu cha Lisungwi, m'boma lino limene a Abwenzi Pa Za Umoyo akhala akugwiramo ntchito kuyambira 2007.

Zonsezi ndinakazitula kukhitchini ndi mtima wa munthu wowina mlandu. Mayi anamvetsera akusonkhezera moto, kenaka anafunsa mofatsa. "Abambo, timakomo tanuto timatseka bwanji pa ngongole ya kugolosale, koma K2,000 imene munakongoza alamu anu chaka chatha mumaikumbukira ndi tsiku lomwe?"

Ndinayang'ana kwa loya wanga. Iye, m'malo moteteza malume ake omwe anamugulirako makope, anati mayiwo afunsa funso la pulofesa. Khomo limatseguka mwini nyumba akakhala maso, ndipo wa m'mutu mwanga amadzukira ndalama, mpira ndi zitenje, koma akamva za mchere amafunda bulangete. Mnyamatayo thiransipoti yobwerera ku Blantyre anakapempha kwina.

Komabe pali mawu ake amodzi amene sindiwaseka. Kuiwala mchere ndi ukalamba. Kuiwala ntchito ya mchere, dzina la mwana wako, kapena njira ya kunyumba kwako, amenewo ndi matenda. Ofala kwambiri ndi amene Alois Alzheimer anawafotokoza mu 1906, ndipo ena mwa mankhwala ake, memantine, amagwira pa timakomo ta NMDA tomweti. Gogo akapezeka mbandakucha pakhomo pa eni, osadziwa kuti wafikapo bwanji, ife timathamangira kunena kuti wagwa pa ndege ya ufiti. A ku Neno tikudziwa kumene lilime lotere limathera: mu January 2016 okalamba anayi anaphedwa m'mudzi mwa Chimbalanga powaganizira ufiti, mtsikana atafa ndi mphenzi. Chonsecho lamulo la dziko lino la 1911 limaletsa kutchula munthu kuti ndi mfiti.

Tsono abale anga a pa Lisungwi, ndikulembetseratu ubongo usanatseke ofesi. Tsiku lina mukadzandipeza pakhonde panu usiku ndikufunsa njira, musadzatenge zikwanje. Mudzandifunditse kansalu, kukacha mundiperekeze kuchipatala. Ndipo amene ndili nanu ngongole, dziwani kuti kumbali yanuyo matendawa anayamba kale.