Malangizo Aulere kwa Ochita Hayala Ndege

Olemera nawonso amasowa tulo, abale anga. Ife tikamagubuduzika pamphasa kuganiza za lendi, iwo amagubuduzika pamatiresi kudzifunsa kuti: mawa ndichite hayala ndege ya turboprop kapena jeti yaing'ono? Poti ine ndine katswiri wa zamaulendo, wodziwa kabaza, minibasi ndi matola, ndati ndiwathandize kwaulere.

Turboprop ndi ija ya pulopela kumphuno kapena m'mapiko. Pilatus PC-12 ya ku Switzerland ili ndi injini imodzi, imathamanga pafupifupi makilomita 500 pa ola, siimwa mafuta ambiri, ndipo imatera ngakhale pabwalo la dothi kapena la udzu. Chitseko chake cha katundu n'chachikulu moti nditaona chithunzi chake ndinayamba kuwerenga matumba a chimanga amene angalowepo.

Jeti yaing'ono monga Embraer Phenom 300 ya ku Brazil imapitirira makilomita 800 pa ola. Imakwera mpaka mamita oposa 13,000, kusiya pansi mitambo yambiri yogwedeza m'mimba. Koma ili ngati mlamu wa m'tauni wa nsapato zoyera, amene asananyamuke amafunsa kaye ngati msewu wa kumudzi uli ndi tala. Bwalo la udzu la ku Chelinda, pamwamba pa Nyika, musaitchulire n'komwe.

Ndiye bwana, musanafunse mtengo, funsani mtunda ndi poterapo. Kuchoka ku Lilongwe kupita ku Blantyre, jeti isanamalize kukwera yayamba kale kutsika. Mwalipira ndalama zochuluka kuti mupulumutse mphindi zochepa zimene mukazitaye pamzere wa galimoto mukatuluka ku Chileka. Ulendo wa ku Johannesburg ndiye jeti imaonetsa ukulu wake, mumafika pafupifupi ola lathunthu mnzanu wa pulopela asanatulukire. Dziwaninso kuti ndege ikakutulani n'kubwerera yopanda munthu, kawirikawiri ulendo wobwererawo umalowa mubilu yanu. Wakabaza wanga, ndi mwano wake wonse, sanandichitepo zimenezo.

Ofuna kugula yawoyawo akumbukire kuti boma lathu linagula jeti yaikulu ya Falcon mu 2009, pofika 2013 n'kuigulitsa. Ngati boma lotolera misonkho linaona kulemera, nanga inu?

Masamu onsewa ndinawachitira kuseri kwa katoni ya sopo, pensulo ili kukhutu. Mayi a kunyumba anasuzumira, nafunsa mofatsa kuti, "Bambo a Chikondi, mwa ziwirizi ndi iti imene ingatere kuchigayo? Ufa watha." Ndinawayankha kuti turboprop, chifukwa kuchigayo kulibe tala. Anagwedeza mutu, nandisenzetsa thumba.

Choncho chisankho changa ndi PC-12, ndipo sindisintha. Kampani iliyonse yofuna kundinyamula ingodikira pang'ono kuti gulu lathu la banki m'khonde ligawane mu Disembala. Ndatsala n'kubweza ngongole ya feteleza basi.