Kulumikiza Foni ku TV: Phunziro la Abambo Osafuna Kufunsa Ana

Kulumikiza foni ku TV ndi ntchito yosamutsa chithunzi ndi mawu kuchoka m'manja mwa munthu mmodzi kupita pabalaza, pamaso pa banja lonse. Mwana wa sitandade 5 amaimaliza madzi a tiyi asanawire. Bambo wa pakhomo, gulu lomwe mlembi wa danga lino amawerengedwamo, amaiyamba Loweruka masana atavula malaya, n'kuisiya Lamulungu madzulo atakwiyira aliyense m'nyumbamo, ngakhale mphaka.

Njira yoyamba ndi ya chingwe. Kumbuyo kwa TV zamakono kuli kabowo kolembedwa HDMI, luso lomwe linakhazikitsidwa mu 2002 lonyamula chithunzi ndi mawu pachingwe chimodzi. Kumbuyo komweko n'kwawo kwa fumbi ndi akangaude, choncho bambo amafikako chogwada, tochi ili kukamwa. Kumbali ya foni, bowo lotchajira lofala masiku ano ndi USB-C, la mu 2014. Zingwe zolunzanitsa mabowo awiriwa zili mbwee pamsika, ndipo wogulitsa amalumbira pali malemu agogo ake kuti zimagwira pa foni iliyonse. Bodza. Chingwecho chimafuna foni yotha kutulutsa kanema kudzera pabowo lotchajira, luso lotchedwa DisplayPort Alt Mode, lomwe mafoni ambiri otsika mtengo alibe. Foni ya bamboyu, yomwe amauza anzake kubawo kuti ndi yamphamvu, ili m'gulu limenelo.

TV ikalemba kuti No Signal, bambo amauzira mpweya m'kabowo, amatembenuza chingwe, kenako amamenya TV khofi pambali. Palibe buku la akatswiri lomwe limavomereza zimenezi. Nthawi zina vuto limakhala laling'ono: sanadine batani la Source kapena Input pa rimoti kuti TV idziwe bowo loyenera kumvera. Batanilo limagwira ntchito ngati mabatire ali ndi moyo, osati aja olumidwa ndi mano kuyambira Khirisimasi.

Njira ina ndi yopanda chingwe, ndipo apa mpofunika kusiyanitsa zinthu ziwiri zomwe abambo ambiri amazisokoneza. Pali kutumiza kanema yekha, monga zimachitikira pa YouTube kapena pa kachipangizo ka Chromecast komwe Google inatulutsa mu 2013 n'kusiya kupanga mu 2024. Foni ndi TV zimakhala pa Wi-Fi imodzi, TV imadzitengera yokha kanemayo pa intaneti, foni n'kungotsala ngati rimoti. Palinso kuonetsa nkhope yonse ya foni pa TV, kudzera mu Miracast ya mu 2012, yomwe Samsung imaitcha Smart View, kapena AirPlay kwa a iPhone. Chilichonse chobwera pafoni chimatulukanso pa TV, mu zilembo zoti ndi wa maso ofooka yemwe aziwerenga ali pakhomo.

Ngozi yake imadziwika bwino tsiku lomwe apongozi abwera kudzaonera kanema wa ukwati. Akwati ali mkati movina pelekanipelekani, pamwamba pa keke pamatulukira uthenga wochokera kwa munthu wosungidwa m'foni ndi dzina loti Katapila Osayankha, wokumbutsa kuti mwezi watha kale ndipo njinga ija aitenga. Apongozi, omwe mandala awo amati anasweka, amawerenga mokweza mpaka kumapeto. Bambo amalumphira foni n'kudina paliponse, ndipo m'malo mwa ukwati pamabwera zithunzi 40 zomwe anadzijambula yekha akuyeserera kumwetulira. Mayi a m'nyumba salankhula kanthu panthawiyo. Nkhaniyo imakambidwa alendo akapita. Mankhwala ake ndi kuyatsa Do Not Disturb musanalumikize, chinthu chomwe mwana amachitchula zonse zitachitika: "Adadi, mukanandifunsa."

Nthawi zina mawu amamveka koma TV ili bii. Sikuti yalodzedwa. Mapulogalamu ena, monga Netflix, amatchinga dala chithunzi kuti mafilimu awo asakopedwe, ndipo kumenya TV sikusintha maganizo a kampaniyo.

Chotsala ndi bandulo. Netflix imanena yokha kuti kanema wowala bwino wa HD angathe kudya mpaka 3GB pa ola limodzi, pomwe wamba amadya pafupifupi 1GB. Wanzeru amatsitsa kuwala kwa chithunzi, kapena amakoperatu filimu pomwe pali Wi-Fi ya ulere. Bambo wathu amagula 1GB, amasankha HD kuti aneba aone kuti pakhomo pano zinthu zikuyenda, ndipo pakatha mphindi 20 chithunzi chimaima mwini filimu ali m'malere, mwendo utatambasuka. Zotsatira zake ana amazimva kuchokera kwa bambo awo, omwe amafotokoza mwatsatanetsatane ndi manja omwe, ngakhale filimuyo sanaionerepo.