Mmene Mungaphere Madamu a Suweji Popanda Kugwidwa

Tauni iliyonse yodzilemekeza ili ndi madamu a suweji kuseri kwake, kumene mlendo amafikako ndi mphuno maso asanaone kanthu. Vuto la madamu amenewa n'loti safa msanga. Safuna magetsi a ESCOM, safuna mankhwala ogula ndi madola. Dzuwa, mphepo ndi munthu mmodzi wa chikwanje, basi. Kuti afe pamafunika khama la tauni yonse, choncho aliyense amve mbali yake.

Inu a m'nyumba, musanamizidwe, chimbudzi chamadzi ndi dzala. Ponyanimo matewera a mwana, majumbo, zitsononkho, nsanza, mafuta okazingira tchipisi. Paipi ikatsekeka, zoipa n'kuyamba kutumphuka pamsewu wa kumsika, gwirani mphuno, dumphani, nenani mokweza kuti dziko lino latha. Achimwene osowa ya fodya, chitsulo chovundikira dzenje la suweji chija chikungokhala, pamene ogula zitsulo zakutha amalipira pa kilo. Mchenga ndi zinyalala zidzalowa zokha mvula ikagwa.

Tsopano inu bwana a kukhonsolo, poti luso lenileni lili kwa inu. Musalole munthu akufotokozereni mmene madamuwa amagwirira ntchito, mungawamvere chisoni. Damu loyamba ndi lakuya, mamita atatu kapena kuposa. M'menemo zolemera zimadikha pansi, tizilombo tosafuna mpweya n'kumazidya. Lachiwiri ndi losaya, ndipo ndere zobiriwira zimapereka mpweya kwa tizilombo tina topitiriza ntchito. M'damu lomaliza, la mita imodzi kapena kupitirira pang'ono, dzuwa limalowa bwino n'kupha tizilombo toyambitsa matenda. Chinsinsi chonse ndi nthawi: madzi ayenera kugonamo masabata angapo. Ndiye inu musachotse matope. Pakapita zaka damu loyamba lidzadzaza, madzi azidzangodutsa pamwamba ngati munthu wobwera pamaliro atamva kuti nsima yatha, n'kukagwera mumtsinje mmene anabwerera. Namasupuni akamera musiyeni aphimbe dzuwa. Ndi maluwa amenewo, akukongoletsa tauni.

Ndalama yochotsera matope ikapezeka mwangozi, konzani msonkhano wa masiku atatu kunyanja wokambirana za ukhondo, alawansi ikhale yokwana. Kuchotsa matope kulibe riboni yodula, kulibe nsalu yogawa, amayi savina.

Wina akafunsa kuti kodi mwini suweji ndani, musatuluke thukuta. Lamulo la Waterworks Act la 1995 likuloza mabungwe ogulitsa madzi, malamulo a zaumoyo ndi a maboma ang'ono akuloza makhonsolo. Inu lozani amene sanabwere kumsonkhano.

A galimoto yopopa zimbudzi, kumadamu n'kutali, dizilo wakwera, dambo lili pafupi ndipo usiku kulibe mboni. A madimba a kumunsi, repu akunona, musafunse chifukwa.

Koma apa pokha kuseka kukundikanika. Mliri wa kolera umene unayamba mu Malichi 2022 unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Mu Julaye 2017 anthu a ku Area 18 ku Lilongwe anatsegula mipopi m'nyumba zawo n'kutunga madzi osakanikirana ndi suweji, ndipo umenewo ndi mzinda waukulu, kumene atolankhani ali pafupi. Nanga m'tauni yaing'ono adzalemba ndani? Mtsinje wa Likangala umadutsa mu Zomba n'kukathira m'nyanja ya Chilwa, komwe asodzi amagona pazimbowera n'kumamwa madzi omwewo. Chimene chimandipweteka kwambiri n'choti amene amachapa, kusamba ndi kutunga kumunsi kwa madamu, ambiri alibe n'komwe chimbudzi chamadzi. Amangolandira za anzawo a kumayadi.

Pepani bwana, tibwerere ku malangizo. Kolera akabuka, valani nkhope yodabwa. Gawani klorini, letsani zakudya zophikaphika m'misika, itanani a wailesi muwauze kuti anthu akumudzi sasamba m'manja ndi sopo. Kusamba m'manja n'kofunikadi, ndipo kuli ndi ubwino wina: mlandu umachoka pa desiki yanu n'kukakhala pa mayi wogulitsa mandasi.

Inu owerenga amene mumalipira msonkho wa kukhonsolo, khansala wanu akadzabwera kudzapempha voti, mufunseni chaka chimene matope anachotsedwa komaliza m'damu loyamba. Atchule chaka, osati mapulani.