Ukaipa Dziwa Nyimbo, Makamaka Ukamagulitsa Tomato

Makolo athu sankadziwa kunyengerera. Akaona kuti nkhope yako inaumbidwa dothi litatsala pang'ono, sankakunamiza kuti ndiwe chiphadzuwa. Ankangoti: ukaipa dziwa nyimbo. Pabwalo la gule anzako azidalira khosi la mizeremizere, iwe uziyambitsa nyimbo, anthu azivomera mpaka aiwale kukuyang'anitsitsa.

Mwambiwu umandibwerera ndikamadutsa mumsewu wa Masauko Chipembere ku Blantyre. M'mbali mwake mwaima zikwangwani zikuluzikulu za mabanki ndi makampani a mafoni, anthu ojambulidwapo akumwetulira ngati sanamve kuti kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Amenewo ndiwo okongola a pagule wa malonda. Ndiye pansi pa chikwangwanicho pamakhala mayi ndi lichero la nthochi, amene mpamba wake wonse sungagule ngakhale utoto wa chilembo chimodzi. Woipa wa m'mwambi uja ndi ameneyu. Pepani mayi, sindikunena nkhope, ndikunena thumba.

Nyimbo yotchipa kuposa zonse ndi pakamwa. Amene akufuna kuiphunzira asalipire sukulu, angokwera basi n'kukaima pa Lizulu, pamsewu wa M1 pakati pa Dedza ndi Ntcheu, paja ukangowoloka msewu uli m'Mozambique. Ine ndinafikapo ndili munthu wamba, wangongole zanga. Basi isanazime n'komwe ndinali nditakwezedwa paudindo katatu. Wa kachewere anandiitana kuti bwana, wa anyezi anati abusa, wa kabichi anafika pa olemekezeka. Munthu wolemekezeka angabweze bwanji kabichi pawindo? Ndinagula zinayi, chonsecho panyumba ndimakhala ndekha.

Anyamata a mankhwala a makoswe ndi nsikidzi anaona kuti kukhosi kumatha, ndiye analemba ganyu kamkuzamawu ka batire. Amajambulamo mawu kamodzi, basi. Mwini wake ali khale pamthunzi, mwina akuwodzera, kamkuzamawu kakulengeza imfa ya mphemvu tsiku lonse osapempha ya nkhomaliro. Nzeru ndithu. Koma akakumana asanu pakhomo limodzi la msika, sudziwa ngati makoswe akuphedwa kapena akugulitsidwa. Komanso mitengo imakwera kamkuzamawu kasanauzidwe: iko kakufuula mtengo wa mwezi watha, mwini akutchula wa lero, kasitomala n'kumafunsa kuti wabodza ndani pa awiriwa.

Ena nyimbo yawo ili pakhoma. Okala yopakidwa utoto wofiira kapena wobiriwira ndi kampani ya mafoni imaoneka patali, mwini osatulutsa tambala, kungoti dzina lake limakhala kakang'ono pakona ngati iye ndiye mlendo. Wometa amalembetsa mitu ya anthu isanu ndi umodzi, yonse yosafanana ndi munthu aliyense wobadwa mwa mkazi, koma uthenga umamveka. Ndipo pafupifupi aliyense ali ndi kachikwangwani konena kuti ngongole ndi mawa, kamene amakawerenga ndi okhawo obwera ndi ndalama.

Tsono ine, pokhala wophunzira, ndinati zonsezi n'zachikale. Nditaweta nkhuku zoyera zija za masabata asanu ndi limodzi, ndinagula bandulo n'kuyamba kuimba pa WhatsApp. Status ija imafufutika pakatha maola 24, choncho m'mawa uliwonse ndinkaika ina, ngati munthu wothirira mbewu. Oonera analipo ambiri, ndinkawawerenga mmodzimmodzi ndisanagone. Oyankha ndiye anali atatu. Woyamba anafunsa kuti "zingati?" pamene mtengo unali pachithunzi pomwepo, zilembo zake zazikulu kuposa nkhuku. Wachiwiri anali alamu, ofuna ziwiri zolipira mwezi ukatha, osatchula kuti mwezi uti. Wachitatu anali msuweni amene anangolemba kuti "tilawe nawo".

Apa ndiulule tchimo langa. Nkhuku ya pachithunzi sinali yanga. Ndinaitola pa intaneti, chinkhuku cha chidali ngati cha msilikali. Tsiku lina kunabweradi kasitomala weniweni, mayi wa lesitilanti, ndalama ili kumpango. Anasuzumira m'khola, anayang'ana foni, anasuzumiranso m'khola, n'kufunsa mwaulemu ngati nkhukuzo zinali pa kusala kudya. Pochoka anandisiyira mwambi wina, wa chikomekome cha mkuyu, ndipo sanavutike kuumaliza.

Amene anandiphunzitsa nyimbo yeniyeni ndi azakhali anga, ogulitsa tomato pabenchi kwa zaka zambiri. Foni yawo ndi ya mabatani, ntchito yake kulandira Airtel Money ndi Mpamba, ndi kuunikira usiku. Safuula. M'mamawa amapukuta tomato mmodzimmodzi ndi kansanza, kuunjika atatu pansi mmodzi pamwamba, mbali yowala kuloza kumsewu, n'kuwaza timadzi pamasamba kuti azioneka ngati angothyoledwa kumene. Kasitomala akafika, za malonda zimabwera pambuyo. Amayamba ndi "Amake mwana, uja amatsokomola uja wadzuka bwanji?" Munthu wofunsidwa za chifuwa cha mwana wake sangadutse kukagula benchi lachitatu. Miyendo imakana yokha.

Koma pachimake ndi banyira. Muone mmene amaperekera. Akamanga jumbo amaima kaye, kuyang'ana kumanzere, kuyang'ana kumanja, ngati akuzembetsa katundu pachipata cha Mwanza. Kenaka dzanja limalowa pansi pa benchi, kutulutsa tomato mmodzi, kumulowetsa m'jumbomo mwachangu, uku akunong'ona: "Uyu ndi wanu, musauze anthu." Tomatoyo ndi wofewa kale, woti mawa akanatayidwa. Aliyense wogula amalandira, aliyense amauzidwa kuti asauze anthu, ndipo aliyense amakauza anthu. Pofika madzulo, pampopi ponse adziwa kuti mayi a pakona aja ali ndi dzanja labwino.

Nditawafunsa ngati sakuluza, anandiyang'ana ngati mmene amayang'anira tomato wobooledwa ndi mbozi. Anati kupatsa n'kuika, ndipo iwo amaika m'kamwa mwa anthu. Apa m'pamene ndinamvetsa chimene ndinkaphonya pamwambi uja. Woipa wa pagule saimba yekha kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Amangoyambitsa, ovomera n'kuitenga. Wa kamkuzamawu amaimba yekha mpaka batire kutha. Ine ndinkaimbira alamu. Azakhali amayambitsa ndi tomato mmodzi wofewa, nyimbo n'kumayenda yokha m'makomo iwo atapita kale kukagona.

Nkhuku zanga zotsala anazitenga Lachisanu m'mawa, kuziika m'dengu pambali pa benchi. Sanajambule chithunzi. Ankangouza aliyense wogula tomato kuti ndi za mwana wa achimwene awo, wophunzira koma wosadziwa kanthu, amuthandize. Pofika Loweruka masana dengu linali gwa. Ndalama anandipatsa zonse, kupatula ya nkhuku imodzi yonenepako, imene anati ndi banyira wawo.